Awa ndi agogo athu, kapena ndi nkhope yopeka? Za kukonza zithunzi zakale ndi kujambulitsa zatsopano

Pa gulu la WhatsApp la banja lathu panabuka mkangano womwe unatha masiku atatu osazirala. Tikukonzekera kuika chiliza pamanda a agogo athu aakazi ku Chingwere, ndipo osema mwala anapempha chithunzi cha nkhope yawo. Chomwe tili nacho ndi kachithunzi kamodzi kotsala pa zomwe anajambulitsa popangitsa chiphaso cha NRC, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kothimbirira, kopindika pakona. Mdzukulu wina wodziwa za mafoni anakajambula n'kukalowetsa m'pulogalamu yokonza zithunzi. Mphindi isanathe anatumiza chithunzi chowala bwino: khungu losalala, maso akuthwa, duku la buluu. Ambiri tinasangalala. Koma azakhali athu a ku Matero, omwe anayamwa bere la mayiwo, analemba mawu anayi okha: "Awa si amayi anga." Titawafunsa, anati mphini za m'masaya palibe, ndipo duku la buluu malemuwo sanakhalepo nalo.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikufunsafunsa, ndipo ndaona kuti chomwe chinatisokoneza ndi liwu limodzi lakuti "kukonza". Liwuli tikulitchula pa ntchito zitatu zosiyana: kusamala pepala lenilenilo, kusoka zigamba pa kope la m'kompyuta, ndi kulola makina kupeka zomwe zinafufutika. Mnyamata uja ndi azakhali onse ankanena zoona, koma aliyense ankanena za ntchito ina.

Chomwe chili papepalapo

Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa kwa anthu ku Paris mu 1839, kudzera mwa Louis Daguerre. Zithunzi zake zinali pa chitsulo, ndipo chilichonse chinali chimodzi basi. Mngelezi William Henry Fox Talbot ndiye anabweretsa njira ya negativu, yomwe ili ngati chikombole cha njerwa: ukakhala nacho, umaumba zofanana zambirimbiri. N'chifukwa chake mukapeza timizere ta filimu m'kaenvelopu pansi pa sutikesi ya atate, musataye. Negativu nthawi zambiri imasunga zambiri kuposa chithunzi chomwe chinatsukidwa kuchokera pa iyo.

Chithunzi chakuda ndi choyera chimapangidwa ndi tizidutswa ta siliva tosaoneka ndi maso, togwidwa m'kamuyalo kopyapyala ka jelatini pamwamba pa pepala. Jelatini ndi zija zimagwirana m'poto msuzi wa vimbombo ukagona. Imachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama. Mukadziwa zimenezi, matenda ambiri a zithunzi amamveka okha. Nkhungu ndi mphemvu zimakonda chithunzi chifukwa kwa izo ndi ndiwo. Chikanyowa, jelatini imafufuma n'kumata ku galasi la fulemu kapena ku chithunzi chinzake. Ndipo kunyezimira kuja kumaoneka m'mbali zakuda za chithunzi chakale mukachipendeketsa, ndi siliva yemwe wakwera pamwamba chifukwa cha chinyontho ndi mpweya woipa.

Chithunzi cha mitundu n'chosiyana. Siliva amachotsedwa potsuka, ndipo chotsala ndi utoto wosanjikizana patatu: wachikasu, wofiirira ngati pinki, ndi wa buluu wopita ku msipu. Utotowu susuluka pa liwiro limodzi, monga chitenge chomwe maluwa ake ena afwifwa pomwe ena akadali gwa. Pa mapepala ambiri a m'ma 1970 ndi 1980, wa buluu uja ndiwo umayamba kuthawa, ndiye chithunzi chonse chimasanduka chofiirira ngati chagwa m'dothi la katondo. Choncho musadabwe kuona chithunzi chakuda ndi choyera cha chaka cha ufulu, 1964, chili bwinobwino, pomwe cha ukwati wa 1985 chatheratu.

Muno mu Lusaka zithunzi zotere zilipo zambiri kuposa momwe timaganizira. Sana Ginwalla anayambitsa ntchito yotchedwa Zambia Belonging ndi zithunzi zomwe eni ake sanabwerenso kudzatenga ku Fine Art Studios, imodzi mwa masitudiyo akale a m'tauni, komwenso wojambula Alick Phiri anaphunzirira ntchito. Anthu ena azindikiramo abale awo. Ndimati ndikaganiza za zimenezi, ndimakumbukira masutikesi a pansi pa bedi ku Chilenje, ku Kabwata ndi ku Mtendere omwe sanatsegulidwe chiyambire maliro.

Ntchito yoyamba: kusamala pepala lenileni

Akatswiri a m'nyumba zosungira zakale, monga National Archives of Zambia, amatsata mfundo imodzi yaikulu: usachite pa chithunzi chinthu chomwe sungathe kuchibweza. Ntchito yawo si kukongoletsa. Ndi kuletsa kuti kuwonongeka kusapitirire.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwa ndi mtima wabwino. Ine ndinatenga chithunzi cha atate ali mnyamata n'kupita nacho pa kashopu kena m'tauni kuti achichite lamineti, poganiza kuti ndikuchiteteza. Makina a lamineti amamata pulasitiki ndi kutentha, ndipo pulasitikiyo sichoka popanda kusenda nkhope ya chithunzi. Patapita zaka, chinyontho chinalowera pakona n'kutsekeredwa mkati, ndipo lero pa phewa la atate pali banga lomwe sindingalifikire. Selotepi nayo imasanduka yachikasu n'kusiya zomata zake m'pepala. Maalubamu aja a masamba omata okhala ndi pulasitiki yovundikira amagwira zithunzi mpaka kung'ambika pochotsa. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo, ndiye mayina ndi chaka lembani kumbuyo ndi pensulo yofewa, m'mphepete.

Mdani wamkulu kuno ndi dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, makoma amatuluka thukuta, ndipo ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Misisi madzi amalowa m'nyumba. Zithunzi zikanyowa, musaziyanike padzuwa, musazisite, ndipo musazipukute. Zitsukuluzeni pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira, osakhudza nkhope yake, n'kuziyala chagada pa nsalu yoyera pamthunzi podutsa mphepo. Chitani zimenezi msanga, chifukwa nkhungu imayamba pakangotha masiku awiri kapena atatu. Zomwe zamatana n'kuuma musazikoke. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani mwajambula chomwe chikuoneka, ngakhale kudzera pagalasi, musanayese china chilichonse. Posunga, sankhani bokosi louma pamwamba pa wadiropu, kutali ndi khoma lakunja, kutali ndi malata otentha.

Kusamutsira chithunzi m'kompyuta

Ntchito ziwiri zotsalazo sizichitika papepala ayi, zimachitika pa kope. Kopelo limapangidwa ndi makina a sikana, omwe amawerenga chithunzi ngati timadontho. Nambala ya dpi yomwe amakufunsani pashopu imatanthauza kuchuluka kwa timadontho pa inchi imodzi. Chithunzi wamba cha masentimita 10 kwa 15, pa 300 dpi, chimapereka timadontho pafupifupi 1,200 kwa 1,800, tokwanira kuchisindikizanso pa msinkhu womwewo. Mukafuna kuchikulitsa kawiri, pemphani 600. Kachithunzi ka pa chiphaso ngati ka agogo athu kamafuna 1,200. Uzani wa pashopuyo azimitse zokonza zonse za makinawo, ndipo asaiwale kumbuyo kwa chithunzi, komwe kumakhala chidindo cha situdiyo kapena dzanja la munthu amene analemba "kwa wokondedwa wanga".

Koma nambala yaikulu siibala zomwe kulibe. Ngakhale upite ku chigayo katatu, chimanga cha ndowa imodzi sichidzaza thumba. Ngati diso la agogo papepalapo lili kadontho kakuda, sikana idzakupatsani kadontho kakuda kakakulu.

Ngati sikana palibe, foni imathandiza: yalani chithunzi pafupi ndi windo, zimitsani fulashi, gwirani foni molunjika pamwamba pake. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa njira wamba imachepetsa chithunzi. Kope loyambali lisungeni losakhudzidwa, m'malo awiri osiyana, ndipo zokonza zonse zizichitika pa makope ena.

Ntchito yachiwiri: zigamba za pamanja

Kukonza nkhope pa chithunzi sikunayambe ndi makompyuta. Ojambula akale ankasalaza makwinya ndi pensulo pa negativu, ndipo ena ankapaka utoto ndi kaburashi pa chithunzi chakuda ndi choyera. Mwina munaonapo chithunzi cha ukwati wakale chomwe maluwa okha ndi milomo zili ndi mtundu. Photoshop itatuluka mu 1990, ntchito yomweyi inasamukira pa kompyuta.

Wokonza ndi manja amagwira ntchito ngati telala wosoka chigamba: amadula kansalu kumpendero wa malaya omwewo n'kutseka pobooka. Mng'alu ukadutsa pa jekete, amatenga maonekedwe a jekete yomweyo pambali pake. Mitundu ikasuluka, amakweza womwe unathawa kufikira malaya oyera ayeranso. Zonse akuzitenga m'chithunzi chomwecho. Pomwe padyedwa theka la nkhope, wokonza woona mtima amaima n'kukufunsani ngati muli ndi chithunzi china cha munthuyo. Ntchitoyi imadya maola, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wokwera.

Ntchito yachitatu: makina opeka

Mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa ndi makompyuta), monga Remini ndi ena ofanana nawo, amagwira ntchito mwa njira ina kotheratu. Anaphunzitsidwa poonetsedwa nkhope zambirimbiri za anthu ena. Mukawapatsa nkhope yosaoneka bwino, safufuza zobisika m'pepalamo, chifukwa mulibe chobisika. Amayerekeza kuti, mwa nkhope zonse zomwe anaonapo, ndi yotani yomwe ikanati ichepetsedwe ikanafanana ndi iyi. Kenako amaijambula. Zili ngati kuuza mmisiri wojambula pamanja, amene sanawaonepo agogo anu, kuti, "Anali mayi wamfupi, wa nkhope yozungulira," iye n'kujambula mayi wokongola wooneka ngati wamoyo, koma maso ndi mano n'kubwereka kwa anthu omwe amawadziwa iyeyo.

Umboni wodziwika bwino unaoneka mu 2020. Ofufuza a ku Duke University ku America anatulutsa njira yotchedwa PULSE, yopanga nkhope zooneka bwino kuchokera ku zithunzi zosaoneka. Munthu wina anailowetsa chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama, ndipo chomwe chinatuluka chinali nkhope ya mzungu. Makinawo sanachite mwadala. Anatsamira ku nkhope zomwe anaziona kwambiri pophunzira. Mapulogalamu a lero apita patsogolo, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko.

Tsopano mphini za agogo athu zikumveka. Kwa azakhali, timizere titatu tija n'chizindikiro cha kwawo ku Katete ndi cha nthawi yomwe mayi awo anakula. Kwa makina, timizere pa tsaya la chithunzi chakale ndi zokalika, ndipo ntchito yawo ndi kuchotsa zokalika. Mpata wa pakati pa mano, chipsera cha pachipumi, diso lomwe linali laling'ono kuposa linzake, zonsezi zimatha kupita m'njira yomweyo.

Nkhani ya mitundu ndiye yoposa. Chithunzi chakuda ndi choyera chimasunga kuwala ndi mdima basi. Malaya ofiira ndi malaya obiriwira amatha kutuluka otuwa mofanana, ndiye makina amangosankha. Kwa ife mtundu si chokongoletsa chabe. Malaya ofiira a amayi a mpingo wa UCZ (United Church of Zambia) akasanduka a buluu, munthu wasamutsidwa mpingo. Yunifolomu ya sukulu, ya usilikali, chitenge cha chipani, zonse zimanena mbiri ya munthu.

Komabe sindikufuna kuti izi zimveke ngati mlandu wa mbali imodzi. Omwe amakonda mapulogalamuwa ali ndi mfundo zolemera. Ndi otsika mtengo, ali m'foni ya aliyense, ndipo pa chithunzi chomwe nkhope ikuoneka kale bwino, chongofuna kuchotsa timadontho, amasintha zochepa. Mdzukulu amene sanawaonepo agogo ake amatha kugwetsa misozi poona maso omuyang'ana, ndipo misozi imeneyo si yabodza. Mu 2021, kampani ya MyHeritage itatulutsa Deep Nostalgia, yomwe imachititsa nkhope za pa zithunzi zakale kuphethira ndi kumwetulira, ena anatonthozedwa pomwe ena anazizidwa nkhongono. Chomwe chimasiyanitsa ndi ichi: chithunzi chikakhala chowonongeka kwambiri, gawo lopeka limakulanso, ndipo makina sakuuzani kuti apa ndaona, apa ndapeka.

Kujambulitsa lero

Nkhani ya agogo yandiphunzitsa kuti vuto lathu linayamba kale, pomwe palibe amene anawatengera kwa wojambula ali moyo. Tili ndi zithunzi zambiri m'mafoni, za pa kitchen party, pa matebeto, pa graduation ku UNZA, koma chithunzi chodekha cha nkhope ya munthu mmodzi n'chosowa.

Chithunzi cha nkhope chimapangidwa ndi kuwala, ndipo khungu lathu lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. M'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, loti aziyezera mitundu. Makadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anafala m'ma 1990. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe pa zithunzi zambiri zaukwati diresi limaoneka ulusi uliwonse, pomwe nkhope ya mkwatibwi ili bii. Makamera a lero ndi abwinopo, koma akaona malaya oyera kapena khoma lowala amachepetsabe kuwala, nkhope n'kulowa mumdima. Wojambula wodziwa ntchito amayeza kuwala pa nkhope, osati pa malaya. Musanalipire, pemphani kuona zithunzi zomwe anajambula anthu a khungu ngati lanu.

Dzuwa la masana mu Lusaka limakhala paliwombo, ndipo limasiya maenje akuda m'maso. Nthawi yabwino panja ndi m'mawa 9 koloko isanakwane, kapena madzulo kuyambira cha m'ma 16 koloko. Pakhonde kapena pakhomo lotsegula pamapereka kuwala kofewa. Pansi pa mtengo wa mango samalani ndi timawanga ta dzuwa todutsa m'masamba. Tsiku la mitambo ndi labwino kwambiri. Ngati ndi m'situdiyo, funsiranitu za magetsi, kuti musavutitse nkhalamba ulendo wa minibasi n'kukapeza mdima.

Mtunda nawo ndi nkhani. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 m'magazini ya madokotala ya JAMA Facial Plastic Surgery anapeza kuti kujambula pa masentimita 30 kumakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi kujambula pa mita imodzi ndi theka. Ndiye ngati mukujambula amayi ndi foni, bwererani m'mbuyo masitepe awiri, foni ikhale pa msinkhu wa maso awo.

Za zovala sinditalikitsa. Timizere ting'onoting'ono timavina pa kamera. Mafuta ambiri kumaso amanyezimira, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndipo paudala woyera kuposa khungu amatuwa pa fulashi. Tsitsi lukitsani kukadali masiku awiri kuti nkhope imasuke. Chachikulu n'chakuti munthu avale zomwe abale ake amamudziwa nazo. Wojambula Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako m'dziko la Mali mu 1948, ankabwereketsa makasitomala ake wailesi, wotchi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo, ndipo masitudiyo akunonso anali ndi telefoni ndi maluwa apulasitiki. Zimenezo zinkanena maloto a munthu. Kwa okalamba athu ine ndimakonda zinthu zawozawo: Baibulo lothetheka, ndodo, chipewa cha ku tchalitchi. Apatseni mpando, musawathamangitse, ndipo pakhale mdzukulu wowacheza. Munthu akangomva kuti, "Agogo, tatiuzani za ulendo wanu woyamba wobwera ku Lusaka," nkhope imabwerera mwakale.

Pomaliza gwirizanani ndi wojambula zinthu zisanachitike: mtengowo ndi wa zithunzi zingati, mudzalandira mafayilo athunthu kapena ochepetsedwa, ali ndi chilolezo choika nkhope yanu pa Facebook kapena ayi, ndipo adzasalaza mpaka pati. Ena amafuna khungu losalala ndi lowalitsidwa, ndipo nkhope ndi yawo. Pempho langa n'lakuti mutengenso kope limodzi losasalaza, la makwinya ndi zipsera zonse, mulisindikize papepala, mulembe dzina ndi chaka kumbuyo. Mafoni amabedwa, ndipo memori khadi imafa osatsanzika.

Zomwe sizinayankhidwe

Pali mafunso omwe luso silingatiyankhire. Loyamba ndi la umwini. Lamulo la Zambia la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza zithunzi ngati ntchito za luso, ndipo kukhala ndi pepala m'manja si chimodzimodzi ndi kukhala ndi ufulu wonse pa chithunzicho. Nanga chithunzi chojambulidwa ndi situdiyo yomwe inatsekedwa kalekale, chokonzedwa ndi mdzukulu, chomalizidwa ndi makina, n'cha yani? Tilinso ndi Data Protection Act ya 2021 yoteteza zokhudza munthu, koma mapulogalamu ambiriwa amatumiza chithunzi ku makompyuta a kunja kwa dziko. Nkhope ya malemu ikapita kumeneko, amaiyankhulira ndani?

Lina ndi la mbadwo ukubwerawu. Chithunzi chowala chija chafalikira kale m'mafoni a abale ku Kitwe ndi ku Lilongwe, chopanda chizindikiro chosonyeza kuti makina anaikapo dzanja. Azakhali akadzapita, ndani adzanene kuti panali mphini? Kodi tizilemba pansi pa zithunzi zotere kuti n'zokonzedwa, kapena tizizitumiza limodzi ndi choyambirira nthawi zonse?

Kwathu nkhaniyi sinathe. Osema mwala akuti kachithunzi koyambirira n'kosaoneka mokwanira. Azakhali akuti bola mwala wa dzina lokha kusiyana ndi nkhope ya mlendo. Amalume apereka maganizo akuti tipeze wokonza ndi manja, azakhali akhale pambali pake, azimuuza pomwe panali mphini iliyonse, iye azibwezera. Mnyamata uja wafunsa mwaulemu kuti, "Nanga azakhali, zimenezo sikupekanso?" Azakhali sanayankhebe, ndipo mwala uyenera kuikidwa mvula isanagwe.